TSIKU LIMENE MIPOPE INAUMA KU LUANGWA YA KU KITWE

Wolemba: Mtolankhani Wathu

Owerenga athu ambiri akamva dzina lakuti Luangwa amaganiza za mtsinje waukulu uja umene timaoloka popita ku Lusaka. Koma kulinso Luangwa ina, komboni ya mumzinda wa Kitwe, kumene abale athu ambiri a kuno kum'mawa anapita kukafuna nchito za m'migodi. Luangwa imeneyi, monga Kitwe yense, imamwa madzi a mtsinje wa Kafue.

Pa 18 Febuluwale 2025 khoma la damu losungiramo zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, m'boma la Kalulushi. Damulo linali la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia, imene imasungunula mkuwa m'miyala ndi mankhwala a asidi. Akatswiri ofufuza poyamba anati malita okwanira 50 miliyoni a madzi oipawo analowa mu mtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue kumtunda kwa Kitwe. Nsomba zakufa zinaoneka zikuyandama mtunda wa makilomita 100 kunsi kwa mgodiwo. A kampani ya Nkana Water anatseka makina opopa madzi, ndipo mipope inauma m'makomboni a mzindawo. Boma linacita kutuma ndeke za asilikali kukathira laimu mumtsinje kuti aphe ukali wa asidi.

Anthu a m'tauni anasauka masiku angapo, madzi nabwerera. Amene anatsala ndi bala ndi alimi a m'mphepete mwa Mwambashi. Aliyense wogwira khasu adziwa cimene Febuluwale ali: feteleza wathira kale, kupalira watha, cimanga cabereka, ungoyembekeza kuti cikhwime. Pa nthawi yotere ndi pamene matope a asidi anadutsa m'minda ndi m'madimba napsereza cimanga ndi nshawa. Mbeu munthu angathe kubzalanso caka camawa, koma nthaka ndi citsime zikalowa poizoni sizicira msanga.

Dziko lonse limene tsopano ticha Cigawo ca Migodi ndi la Alamba. Mgodi wa Nkana womwe unatenga dzina la mfumu yao. Alamba ali ndi madzi amene amawaopa ndi kuwapatsa ulemu kuyambira kale. Kum'mawa kwa Ndola kuli dziwe lozama la Chilengwa na Lesa, ndiko kunena kuti colengedwa ndi Mulungu. Ku Mpongwe kuli dziwe la Kashiba, limene akuluakulu amati munamira anthu a pfuko la Bena Mbushi, ndi kuti nsomba za m'menemo sizipsa ngakhale uziphike tsiku lonse. Wina angaseke zimenezi, koma mwambo wotere unasunga maiwewo popanda mlonda kapena mpanda.

Nanga mphamvu ya mfumu ifika pati lero? Lamulo la malo la 1995 liika dziko lonse m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko m'malo mwa anthu, ndipo livomereza malo a mafumu. Malo otere sangasandutsidwe a pepala mfumu ndi khonsolo zisanavomere. Koma miyala ya pansi pa nthaka si ya mfumu. Cilolezo cokumba cicokera ku Boma. Cina n'cakuti mfumu ingakanize munda wake, koma singaimitse madzi ocokera kumtunda kumene kuli damu la mgodi. Mlimi amene analandira munda pakamwa pa nyakwawa, wopanda kalata iliyonse, ndiye amavutika koposa tsiku lowerengera zoonongeka.

Kudandaula n'kotheka, ngakhale njira yake ndi yaitali. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hellen, Kakosa ndi Hippo Pool kufupi ndi Chingola anasumira Konkola Copper Mines ndi eni ake a nthawiyo, a Vedanta, ku England cifukwa ca madzi oipitsidwa. Panapita zaka zinai akungokangana za kumene mlandu ukazengedwere, kufikira mu Epulo 2019 pamene bwalo lalikulu la ku London linalola kuti uzengedwe komweko. Mu Januwale 2021 makampaniwo anavomera kulipira anthu oposa 2,500, osavomera kuti analakwa.

Za ku Chambishi mkangano unabuka ngakhale pa kuculuka kwa zimene zinataika. Kampani ya Drizit, imene inalembedwa nchito yopima cionongekoco, inati zinali matani 1.5 miliyoni, koma a Sino-Metals anakana ciwerengeroco nathetsa pangano lao ndi Drizit. Mu Seputembala 2025 anthu 176 a m'dera loonongekalo anapereka mlandu wao ku Bwalo Lalikulu la ku Lusaka, kusumira Sino-Metals ndi NFC Africa Mining, napempha madola 80 biliyoni okonzera nthaka ndi madzi ndi kulipira onse amene anaonongekeredwa.