Madzi a m'chitsime chanu amachokera kuti?

Ambiri a ife timati madzi akangooneka oyera ndiye kuti ndi abwino kumwa. Komatu madzi a m'chitsime ndi mvula yomwe inalowa m'nthaka n'kuyenda pansi pa minda, makola ndi zimbudzi zathu isanafike pomwe mumatungapo.

Dothi ndi mchenga zimasefa madziwa pang'onopang'ono, ndipo tizilombo tambiri timafera m'njira. Koma malo ena alibe sefa ameneyu. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka, ku Zambia, ili pa miyala ya mtundu wa laimu, yomwe mvula yakhala ikusungunula kwa zaka zikwizikwi n'kusiya ming'alu, mauna ndi mapanga. Akatswiri amatcha malo otere karst. M'menemo madzi amathamanga ngati m'paipi, moti ulendo womwe m'dothi ukanatenga miyezi umatha m'masiku ochepa chabe.

Ku Kanyama, dera lina la mzindawu, madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo zimbudzi zokumba zinayandikana ndi zitsime zosaya. Kolera yomwe inabuka mu October 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000, mpaka boma linakwirira zitsime zambiri zotere. Mu January 2024 odwala anachulukanso, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala.

Kodi akatswiri amadziwa bwanji komwe madzi obisika akulowera? Amayeza kukwera ndi kutsika kwa madzi m'mijigo, nthawi zina amathira utoto wosavulaza pa una wina n'kudikira kuti utulukira kasupe uti, kenako amaika zonsezi mu kompyuta kuti ijambule njira za madziwo. Bungwe la BGR la ku Germany linagwira ntchito yotere ndi boma la Zambia, ndipo anajambula mapu a malo omwe madzi sachedwa kuipitsidwa.

Kuno ku Angónia miyala yathu yambiri ndi yolimba, siisungunuka choncho. Musatayirire nazo, chifukwa nayonso ili ndi ming'alu, ndipo mu January ndi February madzi a pansi amakwera, makamaka kufupi ndi madambo komwe timakonda kukumba zitsime pofuna kupeza madzi msanga.

Choncho chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda, ndipo pakhale mtunda wosachepera mamita 30. Mukamakumba dzenje la chimbudzi n'kuona madzi akuvumbuka, lekani, sankhani malo ena.

Chizindikiro china mutha kuchiona nokha popanda kompyuta. Ngati madzi a m'chitsime kapena pa mjigo wanu achita matope tsiku lomwelo mvula yamphamvu ikagwa, ndiye kuti madzi a pamtunda akulowamo osasefedwa. Dziwitsani komiti ya madzi ya m'mudzi mwanu, ndipo madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthira Certeza motsatira malangizo a pa botolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.