Njinga pa Misewu ya Fumbi ya m'Chigwa cha Shire

Pakati pa Matope ndi Chikwawa, pamene mtsinje wa Shire utaya kufatsa kumene unachoka nako ku Mangochi ndi ku Liwonde, nuyamba kudzigwetsa pa matanthwe a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, kufikira utatsika mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita ngati 80, pagona dziko la zitunda ndi zigwembe, la milambe ndi mitengo ya tsanya, limene apaulendo ambiri amangolisuzumira pa zenera la basi pooloka mlatho wa Zalewa. Dzikoli lili ndi misewu yakeyake ya fumbi ndi nsangalabwi, yopapatiza ndi yokhotakhota, imene galimoto imayendamo modandaula, koma njinga yakapalasa imaidziwa monga mwini mudzi adziwa njira ya kudambo.

M'maiko a kutali kupalasa njinga pa misewu yotere kwasanduka masewera otchuka. M'chaka cha 2006 anthu 34 anasonkhana m'tauni ya Emporia ku Kansas, m'dziko la America, napikisana pa mtunda wa makilomita oposa 300 m'misewu ya miyala ya kumapiri a Flint Hills. Lero mpikisanowo, umene ukutchedwa Unbound Gravel, umasonkhanitsa anthu zikwizikwi. Mu 2021 anzathu a ku Kenya anayambitsa wao wa masiku anayi ku Maasai Mara, ndipo mu 2022 ku Italy kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi. Chimene anthuwo amachifunafuna ndi ndalama zambiri, ndicho msewu wopanda phula, wa magalimoto ochepa, wokwera ndi kutsika m'mbali mwa mtsinje, ife tili nacho pakhomo, ngakhale kuti kwa mayi wodwala amene akumuthamangira naye ku chipatala msewu womwewo ndi masautso, ndipo sindifuna kuti wina aiwale zimenezo powerenga mau otamanda aliwonse amene alembedwa pano.

Njinga yopangidwira ulendo wotere ili ndi mahandulo opindikira pansi, matayala onenepa mamilimita 40 kapena 45 okhala ndi timano ting'onoting'ono togwira nthaka, magiya opepuka okwerera chitunda, ndi mabuleki oluma chimbale chachitsulo pakati pa gudumu, amene sataya mphamvu akanyowa. Ndi yokwera mtengo ndithu. Koma wosakhala nayo asataye mtima, pakuti njinga ya magiya yogula pa kaunjika, ngati mabuleki ake ali amoyo ndipo masipoko ake ndi omangika, idzamufikitsa konse kumene ndikutchula.

Njira zimenezi zinapondedwa ndi mapazi zisanaone gudumu. David Livingstone atafika pa Kapichira mu 1859 anapeza kuti sitima yake siingapitirire. Ndipo mu 1875, amishoni atafuna kufikitsa sitima ya Ilala ku nyanja, anaiphwasula, amuna mazanamazana nasenza zitsulo zake pamutu kulambalala mathithi onse, kufikira anailumikizanso kumtunda kumene madzi ali odekha. Pambuyo pake amtengatenga a kampani ya Mandala ankanyamula mitolo kuchokera pa dooko la Katunga, kufupi ndi Chikwawa, kukwera nayo ku Blantyre ndi kutsikiranso ku Matope. Wopalasa njinga lero, thukuta likamamuyenderera pa chitunda chimene makolo athu anachikwera ndi katundu wa eni pamutu, amamva m'miyendo mwake mbiri imene ku sukulu anangoimva ndi makutu.

Njira imene ine ndimaiyesa yoposa zonse ndi yochoka ku Chileka kulowera kumadzulo, msewu wakale wopita ku Mwanza ndi ku Tete, umene unasiyidwa pamene msewu wa phula unadzera ku Zalewa. Poyamba umadutsa m'minda ya chimanga ndi nandolo, kenaka nthaka imayamba kuuma, miyala imachuluka, ndipo msewu umatsetsereka pang'onopang'ono kufikira munthu amva mkokomo wa madzi asanawaone. Pa Mpatamanga mtsinje wonse, umene ku Liwonde uli wotambalala, wapanikizika pakati pa makoma a thanthwe, nuwinduka thovu lokhalokha. Boma lili ndi chikonzero chomanga pamenepo damu lopangira magetsi, chotero wofuna kuona phompholo monga linalengedwera asazengereze.

Kutsidya, ku Neno, msewu umachoka ku chigwa chotentha cha Lisungwi nukwera mapiri a Kirk Range, kumene kuli manachesi, ndipo wolimba mtima akhoza kupitirira kudzera ku Dambe kufikira ku Tsangano, kwao kwa mbatata ya kachewere, kumene mphepo imazizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chitunda chake n'chosautsa, ndipo palibe manyazi kutsika ndi kukankha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha.

Wofuna njira yofatsa atsike ku Chikwawa, napatukire kumanzere pa Thabwa asanaoloke mlatho wa Kamuzu, natsate msewu wa kum'mawa kwa Shire, wodzera ku Livunzu ndi Masenjere kulinga ku Fatima. Kumanzere kwake kudzakhala mapiri a Thyolo, kumanja minda ya mpunga ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh. Pano mdani ndi mchenga wa m'mitsinje yotsika m'mapirimo, imene m'chilimwe imauma, koma m'dzinja imakokolola milatho, monga inachitira pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, amene anaononganso damu la Kapichira, ndi pa wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi saiwala khwawa. Chotero mlatho umene mapu akuuonetsa ukhoza kukhala kulibe, ndipo munthu afunse eni dera asananyamuke. Polowa mumchenga asankhe giya yopepuka, akhale chakumbuyo kwa chishalo, asaumirize mahandulo, ndipo asaleke kupalasa, chifukwa akangoima gudumu lakutsogolo limatitimira.

Koma phunziro lalikulu la chigwachi ndi la mtsetse. Blantyre ali pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Chikwawa ali pa mamita ngati 100 okha, ndipo mlendo amaopa kukwera, osadziwa kuti ambiri amavulala potsika. Taonani bambo wonyamula makala m'bandakucha: matumba atatu kapena anayi wawamanga pa kaliyala ndi zingwe za mphira, wawachirikiza ndi timitengo kuti asapendeke, ndipo pa chitunda wayedzamira mahandulo ndi chifuwa, nkhope pansi, mapazi akuterereka pa miyala. Akafika pa mtsetse sathamangira kukwera. Amayamba wayesa mabuleki, nayang'ana kumene madzi a mvula anakumba ngalande, ndipo pamene pali potsetsereka kwambiri amatsika wapansi, atagwira njinga ngati ng'ombe yofuna kupulumuka. Nkhalango zimene makalawo akuchokera zikutha, ndipo mtima umawawa poona mapiri ometedwa mpala. Koma luso la bamboyo pa msewu wa miyala palibe mphunzitsi wa kunja angalipose. Kwa iye wopalasa aphunzire kuchepetsa liwiro asanafike pokhota, kugwira mabuleki onse awiri mofatsa ndi kuwapumitsa kuti asatenthe, ndi kusafinya buleki yakutsogolo yokha pa nsangalabwi, pakuti imeneyo ndiyo imagwetsa munthu chafufumimba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mvula itatha, mwera ukuomba. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Chikwawa kumapyola madigiri 40, ndipo wopalasa masana a miyezi imeneyo akuika moyo wake pachiswe. M'dzinja namo dothi la makande limamatirira ku matayala kufikira gudumu likana kuzungulira. Munthu anyamuke tambala atangolira, atatenga madzi okwanira, popeza mijigo ina ya kuchigwa imatulutsa madzi amchere. Atenge pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, chifukwa minga ya mthethe siikhululuka. Ndipo avale chisoti choteteza mutu. Kutentha kungakule bwanji asasambe mu Shire, muli ng'ona. M'nkhalango ya Majete, imene bungwe la African Parks lakhala likuisamala kuyambira 2003, muli njovu, mikango ndi zipembere, ndipo wofuna kuona mathithi a Kapichira afike pa chipata namvere malangizo a oyang'anira.

Chotsala ndi ulemu. Misewu imeneyi ili ndi eni ake, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ana a sukulu, anyamata a kabaza onyamula odwala, ndipo wopalasa mongosangalala ndiye woyenera kupatuka. Akapeza maliro, masamba atayalidwa pa msewu, atsike nakankhe njinga kufikira atapitirira siwa, monga mwambo wathu unenera. Akaona agogo pa khonde aime, napereke moni wathunthu: “Mwaswera bwanji, agogo? Kodi njira ya ku mlatho ndi yomweyi?” Safunsa anadya phula, ndipo agogowo ndiwo adziwa ngati mtsinje uli wooloka. Thobwa, nthochi ndi masau agule kwa amayi a m'mbali mwa msewu, osanenerera kwambiri, ndipo njinga ikavuta aipereke kwa mmisiri wa pansi pa mtengo, amene amawongola gudumu ndi diso lokha.

Inu achinyamata a ku Blantyre, Lunzu ndi Mwanza, amene njinga zanu zikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba, panganani atatu kapena anayi, yambani ndi ulendo waufupi wa Loweruka m'mawa, ndipo musananyamuke uzani a kwanu njira imene mudzere ndi nthawi imene akuyembekezereni.