MAGALASI A MASEWERA ATHANDIZA KUPHUNZITSA MADOKOTALA

Mai wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amene apezeka ndi khansa ya khomo la ciberekero amakhala ndi ulendo wautali patsogolo pace. Cipatala cacikuru ca khansa, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, ciri ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Katete. Khansa imeneyi ndiyo ikupha amai ambiri m'dziko la Zambia kuposa khansa ina iriyonse. Ikadziwika msanga, dokotala angathe kucotsa ciberekero pamodzi ndi minofu yozungulira, moyo wa mai nupulumuka. Bvuto ndi lakuti madokotala odziwa opareshoni imeneyi ndi owerengeka.

Thandizo lina pa bvutoli lacokera ku cipangizo cimene cinapangidwira masewera a pa kompyuta. Ndi magalasi obvala kumaso omangirira ndi lamba kumutu, amene pa Cingerezi amachedwa virtual reality headset. M'kati mwace muli timagalasi tiwiri, diso liri lonse ndi kace, toonetsa zithunzi zocokera mu kompyuta. Munthu akaceuka, cithunzi naco cimatembenuka, kotero kuti amaona ngati waimirira m'cipinda ceniceni. M'manja amagwira tizipangizo tiwiri totsatira mayendedwe a manja ace.

Nzeru imeneyi si yatsopano ai. M'caka ca 1968 Ivan Sutherland wa ku America anapanga magalasi otere, koma makina ace anali olemera kwambiri moti anacita kuwapacika kudenga. Zinthu zinasintha m'caka ca 2016 pamene magalasi a Oculus Rift, olumikiza ku kompyuta ya panyumba, anayamba kugulitsidwa pa mtengo wa madola 599. Kulemera kwace sikunafike ndi theka la kilogalamu lomwe, ndipo m'caka ca 2017 mtengo unatsika kufika pa madola 399.

Kutsika kwa mtengoku kunatsegula njira ku Lusaka. Profesa Groesbeck Parham ndi Dokotala Mulindi Mwanahamuntu, amene anatsogolera poyambitsa nchito yopima amai khansa ya khomo la ciberekero m'caka ca 2006, anagwirizana ndi Profesa Eric Bing wa pa Southern Methodist University ku Dallas ndiponso Profesa Richard Sullivan wa pa King's College London. Gulu limeneli linapanga mu kompyuta cipinda ca opareshoni cofanana ndi ca m'zipatala za m'Zambia, ndi zida zace zomwe. Dokotala wophunzira akabvala magalasi amaona wodwala atagona pa tebulo, natola mpeni ndi zopanira, natsata ndondomeko ya opareshoni. Akalakwitsa palibe mwazi wotayika, amangoyambiranso. Kompyuta imawerenga nthawi imene watenga ndi mayendedwe a manja ace.

Lipoti limene gululi linafalitsa m'caka ca 2019 linasonyeza kuti madokotala ophunzira a ku Lusaka amene anabwereza phunziroli kawirikawiri anayamba kumaliza msanga, manja ao osayenda mwacisawawa. Zipangizozi sizinafike madola 1,500, pamene makina ena ophunzitsira opareshoni amagulidwa ndi madola zikwi zambirimbiri.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a cigawo ca Kum'mawa. Cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba m'caka ca 1948 ndipo cimayendetsedwa ndi mipingo ya Angilikani ndi Katolika mothandizana ndi Boma, cimalandira odwala ocokera m'maboma ozungulira. Cipangizo cokwana m'katoni imodzi cingathe kukwera basi kufika ku cipatala cotere, dokotala naphunzira osasiya odwala ace kwa miyezi.

Komabe magalasi okha sangapange dokotala. Manja a wophunzira samva kulimba kwa mnofu weniweni, conco ayenerabe kuimirira pambali pa katswiri m'cipinda ca opareshoni. Anthu ena amamva cizungulire akawabvala nthawi yaitali. Amafunanso kompyuta yamphamvu ndi magetsi odalirika, ndipo cilala ca m'caka ca 2024 cimene cinacepetsa madzi ku Kariba cinasonyeza kuti magetsi angasowe kwa maola ambiri pa tsiku. Ndiponso zipangizozi zimakalamba msanga. Magalasi a mtundu wa Rift analeka kugulitsidwa m'caka ca 2021, ndipo kampani ya Meta inatulutsa ena, monga Quest 3S a m'caka ca 2024, amene anayamba pa mtengo wa madola 299 ndipo amagwira nchito paokha kapena polumikizidwa ku kompyuta.

Koma ngakhale dokotala ataphunzira bwanji, opareshoni imathandiza mai yekhayo amene wafika nthenda isanafalikire. Kupima kwa viniga kumatenga mphindi zocepa, ndipo m'caka ca 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mafumu, anamkungwi ndi amuna a m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi udindo wolimbikitsa amai kupita kukapimitsa pamene akali kumva bwino m'thupi.