Chiphe cha m'Nkhono za m'Nyanja ya Mchere Sichitha ndi Moto

Mu gawo lija la sewero munamva mkangano wa banja lokhala ku Cape Town. Bambo anabwera ndi thumba la nkhono za zigoba ziwiri, zija amazitcha mussels, zimene anatola m'miyala m'mphepete mwa nyanja. Mayi anakana kuziphika chifukwa anali atamva chenjezo pa wailesi. Bambo anati: "Akazi anga, mantha achuluka. Chinthu chikawira pa moto ukali wake umatha." Pokambirana, ambiri a inu munagwirizana ndi bamboyo. Koma pa nkhani iyi mayi ndiwo ananena zoona. Tiyeni tione chifukwa chake.

Kodi chiphechi chimachokera kuti?

Nonse mumadziwa ndere, zobiriwira zija zimamera m'zithaphwi. M'nyanja za mchere mulinso ndere, koma zambiri ndi zazing'ono kwambiri, zosaoneka ndi maso, ndipo zimangoyandama m'madzi. Zochuluka mwa izo ndi zabwino, ndiponso ndi chakudya cha zamoyo za m'nyanja. Koma pali mitundu ina yochepa imene imapanga chiphe. Umodzi mwa mitunduyi ndi Pseudo-nitzschia, ndipo chiphe chake chimatchedwa domoic acid.

Nkhono zimadya posefa madzi. Ndere zachiphe zikachuluka, nkhono imameza zambirimbiri tsiku lililonse, chiphe nkumaunjikana m'thupi mwake. Nkhonoyo imaoneka yabwinobwino. Amene amadwala ndi munthu woidya. Nkhanu ndi nsomba zing'onozing'ono nazo zimatha kusunga chiphechi, makamaka m'matumbo.

Zimene zinachitika ku Canada

Kumapeto kwa chaka cha 1987, anthu a ku Canada anadya nkhono zochokera ku chilumba cha Prince Edward Island. Anthu opitirira 100 anadwala ndipo osachepera atatu anamwalira. Matenda anayamba ndi kusanza, kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Kenaka ena anasokonezeka mutu, ena anayamba kukomoka. Ena atachira anapezeka kuti sangathenso kukumbukira zinthu zimene zangochitika kumene. Munthu ankadziwa dzina lake ndi za ubwana wake, koma osakumbukira zimene wauzidwa posachedwa. Amene anavutika kwambiri anali okalamba ndi odwala impso, pakuti impso ndizo zimachotsa chiphechi m'thupi.

Chiphechi chimafanana ndi mankhwala ena achilengedwe amene ubongo umagwiritsa ntchito potumiza mauthenga. Chikafika mu ubongo chimachititsa timaselo kugwira ntchito mosalekeza mpaka kufa, makamaka m'chigawo chimene chimasunga zinthu zatsopano.

Nanga mabakiteriya akulowapo bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndere sizikhala zokha m'madzi. Kachidutswa kalikonse ka ndere kamazunguliridwa ndi tizirombo tating'onoting'ono totchedwa mabakiteriya. Awiriwa amakhala ngati anthu oyandikana nyumba amene amabwerekana mchere ndi moto. Ndere zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa, ndipo china chimatayikira m'madzi. Mabakiteriya amadya chimenecho. Nawo amabweza zinthu zimene ndere zimasowa, monga vitamini B12, amene ndere zambiri sizingathe kupanga zokha.

M'chaka cha 1995, katswiri wa ku Canada, Stephen Bates, ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anaweta ndere zachiphe m'mabotolo. M'mabotolo ena anachotsamo mabakiteriya onse. Nderezo zinapitiriza kukula, koma chiphe chinachepa kwambiri. Atabwezeramo mabakiteriya, chiphe chinachulukanso, m'mabotolo ena kuwirikiza kambirimbiri. M'chaka cha 2018 akatswiri ena ku America anapeza kuti malangizo a chibadwa opangira chiphechi ali mu ndere momwemo. Choncho wopanga chiphe ndi ndere, koma mabakiteriya ndi amene amakoleza moto.

Sikuti mabakiteriya onse amachita chimodzimodzi. Ena amathandiza ndere kukula. Ena amalimbana nazo chakudya. Ena amazipha ndithu, ndipo amathandiza kuti mliri wa ndere uthe. Alipo enanso amene amaphwanya chiphe chimene chatayikira m'madzi. Kuonjezera apo, kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kapena kuchepa kwa michere m'nyanja kumasinthanso mphamvu ya chiphe. M'chaka cha 2015 madzi atatentha kuposa masiku onse kumadzulo kwa America, nderezi zinachuluka kuyambira ku California mpaka ku Alaska, ndipo asodzi a nkhanu analetsedwa kugwira ntchito kwa miyezi ingapo.

Kodi izi zikutanthauza chiyani kwa inu?

Zikutanthauza kuti ndere za mtundu umodzi zingakhale ndi chiphe chochepa mwezi uno, mwezi wamawa nkukhala ndi chambiri. Malo amene munatola nkhono chaka chatha osadwala angakhale oopsa lero. Musanene kuti, "Ndakhala ndikudya za pamenepa zaka zonsezi."

Nthawi zina ndere zikachuluka madzi amafiira kapena kuda, monga zimachitikira kawirikawiri m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa South Africa. Kumeneko kumapezekanso ndere za mtundu wina, zimene chiphe chake chimachititsa dzanzi m'milomo ndi m'zala, kenaka nkufooketsa thupi mpaka munthu kulephera kupuma. Koma dziwani kuti madzi angakhale oyera mbee, chiphe chilimo. Nkhono yachiphe sinunkha, sisintha mtundu, ndiponso siwawa mkamwa.

Tsopano tibwerere ku mau a bambo aja. Nzoona kuti moto umapha tizirombo. Nchifukwa chake timakuuzani kuti muziwiritsa madzi akumwa ndi kuphika chakudya mpaka chipse. Koma chiphe si kachirombo. Chilibe moyo, choncho sichingafe. Ngakhale muwiritse, mukazinge, kapena muike mu firiji, chiphe chimatsala. China chimalowa mu msuzi, kotero kuti mwana amene wangodyera msuzi nsima angathenso kudwala.

Njira yokhayo yodziwira ndi kuyeza mu labotale. Maiko ambiri amaletsa kugulitsa nkhono ngati mu kilogalamu imodzi ya nyama yake mwapezeka domoic acid wopitirira mamiligalamu 20. Nkhono za m'sitolo zochokera ku minda yovomerezeka zimayezedwa. Zotola nokha m'miyala palibe amaziyeza. Safunsa anadya phula.

Zoyenera kuchita

1. Musanatole nkhono kapena nkhanu m'nyanja ya mchere, funsani akuluakulu oona za usodzi kapena za umoyo m'deralo. Mverani machenjezo a pa wailesi ndipo werengani zikwangwani.
2. Musatole kapena kudya nsomba, nkhanu ndi nkhono zimene zakokolokera pa mtunda zitafa kapena zitafooka.
3. Musagule nkhono kwa munthu amene sakukuuzani kumene wazitenga.
4. Madzi akayera, musathamangire kukatola. Nkhono zimasunga chiphe kwa masabata, zina kwa miyezi. Dikirani mpaka chenjezo lichotsedwe.
5. Ngati wina wayamba kusanza, kumva dzanzi m'milomo, kusokonezeka mutu kapena kubanika atadya za m'nyanja, thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Uzani adokotala chimene wadya ndi nthawi imene anadya. Tengani chakudya chotsala, ndipo onse amene anadya nawo apite akaonedwe.

Palibe mankhwala osungunula chiphechi. Koma ku chipatala amathandiza wodwala kupuma, amaletsa kukomoka, ndipo amamupatsa madzi m'thupi kufikira chiphe chitatuluka. Kufika msanga kumapulumutsa moyo.

Mafunso okambirana pa gulu lanu

1. Kodi chiphe cha ndere chikusiyana bwanji ndi tizirombo toyambitsa kolera?
2. Mukanakhala mayi aja, mukanawafotokozera bwanji amuna anu popanda kukangana?
3. Kodi muli ndi abale amene akukhala pafupi ndi nyanja ya mchere, monga ku Cape Town kapena ku Beira? Mudzawauza chiyani mukadzalankhula nawo?