Khansa ya khomo la chiberekero: kuchokera ku Thazima kufika kwathu kunyanja

Ambiri mwa ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota sitinapondeko ku Thazima. Ndi dera la m'boma la Rumphi, pamene pali chipata cholowera ku nkhalango yotetezedwa ya Nyika, makilomita oposa 50 kuchokera pa boma podzera ku Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe. Anthu ake amayankhula Chitumbuka, ambiri ndi Akhristu, amalima fodya ndi chimanga, ndipo kumazizira koti munthu wa kunyanja sangagone opanda bulangete. Tatchula dera lakutalili chifukwa boma la Rumphi, pamodzi ndi la Zomba, ndi kumene dziko lino linayesera koyamba katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, kuyambira mu 2013 mpaka 2016. Makolo a kumeneko analola ana awo aakazi a m'sukulu zapulayimale kubayidwa pa nthawi imene katemerayu anali wachilendo kwa aliyense. Zotsatira zake ndi zimene zinapatsa boma mphamvu zomufikitsa m'dziko lonse mu January 2019, a Atupele Muluzi ali nduna ya zaumoyo, poyambira pa atsikana a zaka 9.

Atsikana oyamba aja adutsa zaka 20 tsopano, ena ali pabanja ndipo abereka. Tikunena izi dala, pakuti mphekesera yoti katemerayu amatseka mimba inafika ndi m'makonde mwa mizikiti yathu, ndipo pali mabanja amene anasunga ana awo kunyumba pa tsiku limene azaumoyo anabwera kusukulu.

Kukula kwa vutoli kumaoneka pa chiwerengero. Malinga ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu 2020 amayi oposa 4,000 ku Malawi anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo pafupifupi 2,900 anamwalira nayo. Tikagawa ndi masiku a chaka, ndiye kuti tsiku lililonse m'chaka chimenecho tinkaika m'manda amayi pafupifupi 8. Ku Malawi palibe khansa ina imene imagwira amayi ambiri kuposa iyi, ndipo dziko lathu limawerengedwa pamwamba penipeni pa mayiko onse, pafupi ndi Eswatini ndi Zambia. Padziko lonse amayi oposa 600,000 anadwala m'chaka chimenecho, oposa 340,000 namwalira, ndipo pa amayi 10 alionse omwalirawo 9 anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mayi wa ku Sweden ndi mayi wa ku Makanjira thupi lawo ndi limodzimodzi. Kusiyana kwawo kuli pakuti wina amayezedwa nthenda isanayambe, winayo amafika kuchipatala atanyamulidwa.

Gwero la nthendayi ndi lodziwika. Ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamapatsirana pamene mwamuna ndi mkazi akhalira malo amodzi. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anaonetsa kuti kachilomboka ndi kamene kamayambitsa khansayi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa cha ntchitoyo. Mitundu ya HPV ndi yambirimbiri, koma iwiri yokha, ya nambala 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Anthu ambiri amene analowapo m'banja amakumana nako kachilomboka nthawi ina pamoyo wawo, ndipo mwa ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, mwiniwake osadziwa n'komwe. Mwa amayi ena kamakhazikika, n'kuyamba kusintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo la chiberekero. Kuti kusinthako kufike pa khansa pamatha zaka 15 mpaka 20. Mwa mayi amene chitetezo cha thupi lake chatsika, zaka 5 mpaka 10 zimakwana.

Apa tiyime pang'ono, chifukwa pali tchimo la lilime limene timagweramo. Tikamva kuti nthenda imabwera kudzera m'kugonana, timafulumira kuloza chala mayi wodwalayo. Mayi amene sanadziwepo mwamuna wina kupatula amene anamanga naye nikah angathe kutenga HPV kwa mwamuna wakeyo, amene naye anakatenga ali mnyamata zaka 20 zapitazo, kapena kwa mkazi amene anasiyana naye, kapena ku Joni kumene anakhala zaka zisanu osabwera. Mwamuna saona chizindikiro chilichonse. Kunamizira mayi wodzisunga ndi mlandu waukulu m'Chisilamu, ndipo manong'onong'o oterewa ndi amene amachititsa amayi kubisa matenda mpaka fungo litawaulula.

Chimene chimakulitsa chiopsezo kuposa zonse m'dziko muno ndi HIV. Mayi amene ali ndi HIV amakhala pa chiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. M'madoko a nsomba nkhani yake tonse tikuidziwa: usipa ukachepa, mayi wogula nsomba amene alibe ndalama zokwanira amauzidwa kuti alipire ndi thupi lake, ndipo asodzi amayenda doko ndi doko kutsata mwezi ndi mphepo. Amene akumwa ma ARV asasiye, chifukwa mankhwalawo amabweza chitetezo chimene chimalimbana ndi HPV, koma kumwa ma ARV sikulowa m'malo mwa kuyezetsa khomo la chiberekero.

Chachiwiri ndi ukwati wa ana. Khomo la chiberekero la mtsikana wa zaka 14 kapena 15 limakhala lisanakhwime, ndipo kachilombo kamalowerera mosavuta. Akayamba kubereka ali wamng'ono n'kubereka ana ambiri motsatizana, chiopsezo chimakwerabe. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 nyumba ya malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisatsegulenso khomo limeneli. Komabe ndoa zina zimamangidwa pakhonde, mtsikana atangotuluka ku nsondo, akuluakulu a mzikiti alipo. Ife amene timawerenga khutba ya nikah tili ndi mphamvu yofunsa zaka za mkwatibwi ndi kukana. Mtsikana wokwatiwa ali ndi zaka 15 angathe kufika pa khansa ali ndi zaka 30 kapena 35, ana ake akali ku madrasa.

Za mitala tinene mosapita m'mbali. Chipembedzo chinailola ndi malire ake, koma chimene chili m'thupi la mmodzi m'banja lotero chimafika kwa onse. Mayi mmodzi akapezeka ndi zizindikiro, chilungamo chimene mwamuna analamulidwa kuchita pakati pa akazi ake chikufunanso kuti aperekeze onse kukayezetsa. Kusuta fodya nakonso kumakulitsa chiopsezo, ngakhale amayi osuta kwathu kuno ndi ochepa.

Pali chimene abambo ena amadzitonthoza nacho, chakuti ife ndife odulidwa. Muli choonadi m'menemo. Kafukufuku wa ku Rakai m'dziko la Uganda anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa HPV mwa amuna ngakhalenso mwa akazi awo. Koma mdulidwe sutsekeratu njira ya kachilomboka, komanso ku jando kwina angaliba amangodula mbali ya khungu, osati lonse monga amachitira kuchipatala. M'mawodi a amayi ku Mangochi ndi ku Machinga muli odwala khansa imeneyi amene amuna awo anapita ku jando.

Ife a kunyanja tili ndi vuto lina limene a kumapiri a Nyika sakumana nalo kwenikweni, ndilo likodzo. Timalidziwa ngati nthenda ya anyamata okodza magazi, koma mwa amayi mazira a nyongolotsi zake amakhazikikanso pakhomo la chiberekero, n'kupanga tizilonda totuluka magazi. Madokotala anazipeza izi mwa amayi a ku Mangochi kale m'zaka za m'ma 1990. Zizindikiro zake zimafanana ndi za khansa, kotero mayi angathe kuganiza kuti ndi likodzo chabe pamene ndi khansa, kapena kutaya mtima pamene mapiritsi a praziquantel akanamuchiza. Wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala amene wayang'ana ndi maso ake.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutikhudza ife masheikh ndi maustadhi mwachindunji. Amayi ambiri safika kwa ife ndi mawu oti khansa. Amatuma akazi athu kudzafunsa funso la swala: magazi apitirira masiku ake, kodi ndiswali kapena ndidikire? Timayankha monga tinaphunzirira. M'madhhab a Shafi'i, amene ambiri mwa ife timatsata, msambo supitirira masiku 15, ndipo magazi opyola pamenepo ndi istihadha, mayi adziyeretse ndi kuswali. Yankho limeneli ndi loona pa nkhani ya swala, koma silithetsa funso la thupi. Magazi otuluka pakati pa msambo ndi msambo, magazi otuluka mayi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, magazi obwerera kwa mayi amene anasiya kale kusamba, chikazi chamadzimadzi chonunkha, ululu wa m'chiuno ndi msana wosatha, zonsezi ndi zimene azaumoyo amati mayi asagone nazo. Wopereka fatwa ya istihadha awonjezepo mawu oti mayiyo apite kuchipatala sabata yomweyo. M'makalasi a fiqhi ya amayi, pamene timaphunzitsa za hedhi ndi nifasi, ndi pamene mawu amenewa akuyenera kunenedwa, chifukwa palibe malo ena pamene amayi athu amakamba za magazi momasuka chotero.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikirozi zikamaoneka, nthawi zambiri nthenda imakhala yapita kale patali. Mpake kuti kuyezetsa n'kwa mayi amene akudzimva kuti ali bwinobwino. Kuyambira mu 2004 unduna wa zaumoyo wakhala ukufalitsa njira yotchedwa VIA. Namwino amapaka madzi a viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kusintha pamayera pakangotha mphindi imodzi. Malo oterowo amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kuwatentha ndi kachipangizo kakang'ono, njira imene chipatala cha Nkhoma chinatsogolera m'dziko muno, ndipo mayi amabwerera kwawo tsiku lomwelo. M'zipatala za boma salipiritsa. Akuitanidwa makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi kuposa ena. Ngakhale amene anabayidwa katemera ali ana akufunika kuyezetsa akafika msinkhuwo, pakuti katemera sateteza ku mitundu yonse ya HPV.

Manyazi tikuwadziwa, ndipo sitikuwanyoza. Mayi wa Chisilamu ali ndi ufulu wopempha kuti amuyeze namwino wamkazi, ndipo makomiti a zipatala zathu akuyenera kulimbikira zimenezi. Koma kumene wamkazi palibe, maulama anagwirizana kalekale kuti pofuna kupulumutsa moyo n'kololedwa kuonedwa ndi dokotala wamwamuna, pamalo pofunikira pokha, wachibale kapena mayi wina ali pafupi. Bambo woletsa mkazi wake pa chifukwa chimenechi asabise nsanje yake m'chipembedzo.

Mu November 2020 bungwe la WHO linaika zolinga zoti zikwaniritsidwe pofika 2030: atsikana 90 mwa 100 alionse abayidwe katemera asanakwanitse zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire thandizo. Cholinga chachitatucho ndicho chovuta kwa ife. Mayi wa ku Thazima amene nthenda yake yakula amatumizidwa ku Rumphi, kuchoka apo ku Mzuzu Central, mwinanso mpaka ku Lilongwe. Wa ku Makanjira kapena ku Namwera amadzera pa Mangochi n'kukathera ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza pa maopaleshoni a khansayi. Kwa zaka zambiri wofunika chithandizo chowotcha khansa ndi makina ankayenera kutuluka kunja kwa dziko, ndipo ambiri anamwalira akudikira pamndandanda.

Paulendo wonsewu chimene chimagwetsa mabanja ndi ndalama ya minibasi, chakudya cha womudikirira wodwala, ndi munda umene watsala wopanda woulima. Amayi ena amayezedwa, kuuzidwa kuti abwerenso kapena apite kuchipatala chachikulu, osapitanso chifukwa cha ndalama imene palibe. Makomiti a mizikiti amasonkhanitsa zakaat ndi sadaka chaka ndi chaka, ndipo timadziwa kusonkha msanga nsalu ya sanda ikafunika. Komiti iliyonse ingathe kupatula gawo la thumba limenelo kuti likhale la mayendedwe a amayi otumizidwa kuchipatala chachikulu, ndi kulipereka m'manja mwa amayi awiri okhulupirika a pamzikitipo, kuti wodwala asachite kufotokoza za m'thupi mwake pamaso pa abambo.