Fumbi la m'tchire: chovulaza nthaka chimafikanso m'mapapo

M'mwezi wa May 2008, boma la America lidatseka malo a mahekitala oposa 12,000 m'mapiri a Clear Creek, m'chigawo cha California. Kumaloko anthu ankapita ndi mabanja awo pamapeto a sabata kukathamangitsa njinga zamoto ndi tigalimoto ta masewera m'zitunda zopanda msewu. Chidatseketsa malowo ndi fumbi.

Clear Creek ndi gawo la malo a boma omwe nzika iliyonse ili ndi ufulu wolowamo. Nthambi ya Bureau of Land Management yokha imayang'anira mahekitala pafupifupi 100 miliyoni, kukula kwake ngati maiko asanu ndi atatu ofanana ndi Malawi. Mkangano wa momwe malo otere angagwiritsidwire ntchito ndi wakale: ena amafuna migodi ndi misewu, ena masewera a galimoto, ena akuti tchire lisiyidwe momwe lilili. Nkhani ya ku Clear Creek ikuonetsa kuti mkanganowu umakhudzanso zaumoyo.

Mudali chiyani m'fumbimo?

Miyala ya m'mapiri amenewa ili ndi asibesitosi wachilengedwe, yemwe uja ankapangira malata akale otuwa. Akakhala m'nthaka yosasokonezedwa, wambiri amakhala pansi. Teyala likapalasa dothi, timaulusi take, tosaoneka ndi maso, timauluka n'kulowa m'mphuno.

Bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA lidatuma akatswiri ake kukakwera njinga m'malomo atavala timakina toyeza mpweya umene munthu akupuma. Lidapeza kuti okwera njinga zamoto ndi galimoto ndiwo ankapuma asibesitosi wambiri. Wobwera m'mbuyo ankapuma woposa wotsogola, chifukwa amadutsa m'fumbi la mnzake. Ana adali pachiopsezo chachikulu, popeza mphuno zawo zili pafupi ndi nthaka.

Kuopsa kwa asibesitosi n'kwakuti savulaza lero. Timaulusi tija tikafika pansi pa mapapo, thupi limalephera kutisungunula. Mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kuyamba kubanika ngakhale poyenda pang'ono. Ena amadwala khansa ya m'mapapo kapena ya kachikopa kokuta mapapo, yomwe madokotala amaitcha mesothelioma. Matendawa amaonekera patatha zaka 20 mpaka 40, ndipo zipsera zikabwera palibe mankhwala ozichotsa. Mwana wa zaka khumi amene adasangalala pa njinga angayambe kutsokomola ali kale ndi ana akeake. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthaka ili ndi khungu

Ngakhale kopanda asibesitosi, galimoto zochoka mumsewu zimasiya bala. M'madera ouma a kumadzulo kwa America, pamwamba pa nthaka pamakhala kachikhokho kopangidwa ndi ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono. Kamagwira dothi kuti lisauluke, kamasunga chinyontho, komanso kamathira chonde. Ntchito yake ikufanana ndi ya nkhanambo pa chilonda: mukaikanganula, chilonda chimayambiranso. Teyala limaswa kachikhokhoka m'kamphindi, koma kuti kabwerere pamatenga zaka makumimakumi.

Dothi likatsala pamtunda, mphepo imalinyamula mpaka kumudzi. Fumbi losalala kwambiri, locheperapo kangapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, limadutsa ubweya wa m'mphuno n'kufika m'njira za mpweya. Odwala mphumu, okalamba, ana ndi odwala mtima ndiwo amayamba kulimva.

Nyama nazo zimalipira

M'chipululu cha Mojave muli mtundu wa kamba umene boma lidauika pa mndandanda wa nyama zotetezedwa mu 1990. Kambayu amakhala nthawi yambiri ya moyo wake ku una, ndipo galimoto ikadutsa pamwamba una umagumuka. Amasunga madzi m'chikhodzodzo kuti apulumukire chilala. Akadzidzimutsidwa amataya madziwo, ndipo ngati mvula ili kutali angathe kufa ndi ludzu. Amayamba kuikira mazira atakwana zaka 13 mpaka 20, choncho kamba mmodzi wamkulu akaphedwa, malo ake sadzazika msanga.

Malamulo alipo

Lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa galimoto m'madera omwe adasankhidwa kukhala tchire losakhudzidwa. Mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon adalamula kuti nthambi za boma zisankhe poyenera kudutsa galimoto za masewera, ndipo mu 1977 Pulezidenti Jimmy Carter adazipatsa mphamvu yotseka malo pomwe chilengedwe chikuonongeka kwambiri.

Okwera njinga ali ndi madandaulo awo. Amati malowo ndi awonso, amakhoma msonkho, ndipo ku Clear Creek ambiri adatsutsa kuti EPA idakokomeza chiopsezo. Amalonda omwe ankadalira alendowo adataya makasitomala. Madandaulowa ndi omveka, ndipo n'chifukwa chake m'malo ambiri boma limapatula njira zodutsamo m'malo motseka paliponse. Koma pamene fumbi lake lili ndi chinthu chodzetsa khansa, kudikira kuti odwala ayambe kuoneka ndiye kuchedwa ndi zaka 30.

Kutseka kudathandizanso zomera. Kaduwa kakang'ono kachikasu kotchedwa San Benito evening primrose kadaikidwa pa mndandanda wa zomera zotetezedwa mu 1985, makamaka chifukwa cha njinga ndi galimoto zomwe zinkakaponda. Mu 2022 kadachotsedwapo, chiopsezo chitachepa komanso akatswiri atakapeza m'malo ena.

Titolepo chiyani?

Kwathu kuno masewerawa sadafale, koma fumbi timalidziwa, ndipo nkhalango zotetezedwa tili nazo. Mukapita ku Nyika kapena ku Liwonde n'kuuzidwa kuti galimoto isachoke mumsewu, chifukwa chake ndi chomwechi: udzu, mauna ndi zisa za pansi sizipirira teyala. Pamsewu wafumbi, wanjinga asiye mpata pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo, makamaka akanyamula mwana. Malata akale a asibesitosi musawacheke kapena kuwaswa. Ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri, pitani kuchipatala, mukawauze ntchito imene mumagwira ndi fumbi limene mwakhala mukupuma.