Kodi siniya ndani? Tanthauzo la mawu akuti senior ndi katundu amene amasenzetsa



Chaka cha sukulu chikangoyamba, pali mawu amodzi a Chingerezi amene amamveka paliponse: pakhomo la kalasi, pa mjigo, ngakhale pa msewu ana akamaweruka. Mawuwa ndi akuti senior, amene ife timangoti siniya. Mwana amene miyezi ingapo yapitayo ankanjenjemera ndi mayeso a JCE, akangolowa Fomu 3 amayamba kudzitchula siniya, ndipo kayendedwe kake kamasintha. Mawu omwewa timawamva pa wailesi akamatchula mafumu, timawaona pa zitseko za maofesi a boma, ku khoti ndi ku chipatala. Ana ena amawatenga ngati chilolezo cholamulira anzawo. N'chifukwa chake taona kuti ndi bwino tiwamasule mofatsa: anachokera kuti, amatanthauza chiyani, amalembedwa bwanji m'chiganizo, ndipo amafuna chiyani kwa munthu amene akutchedwa nawo.

Kumene mawuwa anachokera

Senior si mawu obadwira m'Chingerezi. Angerezi anawabwereka ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale. M'Chilatini, senex ndi nkhalamba, ndipo senior ndi munthu amene ali wamkulupo poyerekeza ndi wina. Mawu otsutsana nawo ndi junior, kutanthauza wamng'onopo.

Muzu womwewu unabala mawu ena amene timakumana nawo. Aroma ankatcha bwalo lawo la akuluakulu kuti senatus, kumene kunachokera mawu akuti Senate. Malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994 anali ndi gawo lokhazikitsa Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo momwe mukanakhalanso mafumu, koma gawolo linachotsedwa mu 2001 nyumbayo isanakhalepo n'komwe. Makolo amene amapita ku Mozambique kukachita malonda amamva amuna akuitanidwa kuti Senhor m'Chipwitikizi. Nawonso ndi mdzukulu wa senior. Ngakhale Sir amene ophunzira mumaitanira aphunzitsi aamuna anachokera komweko, kudzera m'Chifalansa. Choncho mukamati Sir, kwenikweni mukunena zomwe timanena kwathu kuno kuti akulu.

Chofunika kuchigwira pano n'chakuti senior ndi mawu oyerekeza. Palibe munthu amene ali siniya payekha. Mukamva mawuwa, funso loyamba likhale lakuti: siniya kwa yani, ndipo pa chiyani?

Matanthauzo atatu

Tanthauzo loyamba ndi la zaka zobadwa. Mzungu akati "She is three years my senior", akunena kuti mayiyo amamuposa ndi zaka zitatu. Okalamba amatchedwa senior citizens, mwaulemu. Bambo ndi mwana akakhala ndi dzina limodzi, bambo amawonjezera Sr. ndipo mwana amawonjezera Jr. kumapeto kwa dzina. N'chifukwa chake m'mabuku a mbiri mumawerenga za Martin Luther King Jr.: bambo ake analinso Martin Luther King.

Tanthauzo lachiwiri ndi la nthawi imene munthu wakhala pamalo. Amene anayamba ntchito kale ndi siniya kwa amene wangolembedwa kumene, ngakhale wongolembedwayo atakhala ndi imvi. Usiniya wa kusukulu uli m'gulu limeneli. Ku pulayimale, Sitandade 1 ndi 2 ndi infant, Sitandade 3 ndi 4 ndi junior, ndipo kuyambira Sitandade 5 mpaka 8 ndi senior. Ku sekondale, Fomu 1 ndi 2 ndi junior, Fomu 3 ndi 4 ndi senior. Taonani zimene zimachitika: mwana wa Sitandade 8 amene anali siniya, akakhoza mayeso n'kusankhidwa, amadzakhala juniya wotsiriza ku Fomu 1. Wa Fomu 4 akakhoza MSCE n'kupita ku yunivesite, amayambiranso pansi. Usiniya wamtunduwu uli ngati malo a m'minibasi, ukatsika amakhalapo wina.

Tanthauzo lachitatu ndi la udindo woperekedwa ndi amene ali ndi mphamvu yopereka. Apa zaka sizilowapo. Chitsanzo chapafupi ndi cha mafumu. Lamulo la mafumu la 1967 ndilo limayendetsa maudindowa, ndipo makwerero ake amayambira kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kwa Sub T/A, kwa T/A, kenako Senior Chief, ndipo pamwamba pali Paramount Chief. Amene amakweza mfumu kukhala Senior Chief ndi mtsogoleri wa dziko. Amayi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene anadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, anali chitsiriza m'banja la ana 12, ndipo asanalowe ufumu anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27. Wamng'ono wa onse kubanja kwawo ndiye anadzatchedwa Senior Chief.

Matanthauzo atatuwa sayenda limodzi nthawi zonse, ndipo zimenezi si zachilendo kwa ife. Mawu athu akuti wamkulu nawonso amasenza zaka ndi udindo pamodzi. Pa chibale cha kwathu, kamnyamata koyenda ndi kabudula kakhoza kukhala amalume a munthu wandevu, ndipo wandevuyo amakapatsa ulemu wake.

Siniya si wapamwamba pa onse

Ambiri amaganiza kuti munthu akatchedwa senior ndiye kuti wafika pansonga. Tikayang'ana m'maofesi tipeza kuti mawuwa kawirikawiri amakhala pakatikati pa makwerero. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu pompa, mphunzitsi wa pa yunivesite ya LUANAR amachoka pa lecturer kupita pa senior lecturer, koma pamwamba pake pali associate professor ndi professor. Ku makhoti, Senior Resident Magistrate ali pansi pa Principal Resident Magistrate ndi Chief Resident Magistrate, ndipo onsewa ali pansi pa majaji a High Court. M'ntchito zambiri za boma munthu amayamba ngati officer, n'kukhala senior, kenako principal, kenako chief, asanafike pa director. Mlangizi wa zaumoyo amene wakwezedwa kukhala Senior HSA amayang'anira anzake a m'midzi, koma nayenso amapereka malipoti kwa akuluakulu a pachipatala. Senior Chief ali ndi Paramount Chief pamwamba pake.

M'maudindo onsewa muli chinthu chimodzi chofanana. Munthu akakwezedwa kukhala siniya, chimene chimachuluka ndi zoti ayankhe. Ntchito ya juniya ikalakwika, amene amaitanidwa kukafotokoza ndi siniya wake. Loya amene wapatsidwa ulemu wa Senior Counsel, uja amalemba SC kumapeto kwa dzina lake, amayembekezeka kukhala chitsanzo kwa maloya achinyamata. Palibe ofesi imene mawu akuti senior amatanthauza kuti apansi ako akuchapire zovala kapena akupatse ndalama zawo za chakudya.

Kalembedwe koyenera pa mayeso

Kwa inu amene mukukonzekera JCE ndi MSCE, apa pali msampha umene umagwira ambiri. Popeza tinazolowera kunena taller than ndi older than, dzanja limathamangira kulemba senior than. Kumeneko n'kulakwitsa. Mawu oyerekeza ochokera ku Chilatini amatsatiridwa ndi to. Lembani kuti "Amina is senior to Yusufu". Lamulo lomweli likugwira junior to, superior to, inferior to ndi prior to.

Musasokoneze senior ndi superior. Superior ndi bwana wako weniweni pa ntchito, amene ali ndi mphamvu yokulamula, kapena chinthu choposa chinzake pa ubwino. Wa Fomu 4 ndi senior kwa wa Fomu 1, koma si superior wake. Mphamvu yolamula pasukulu ili ndi aphunzitsi, ndipo mapulifekiti amagwira ntchito ndi mphamvu imene aphunzitsiwo awabwereka, motsatira malamulo a sukulu. Musasokonezenso senior ndi elder. Mkulu wanu wa bere limodzi ndi elder brother kapena elder sister, osati senior brother. Ndipo mukamawerenga mabuku a ku America, dziwani kuti kumeneko senior ndi wophunzira wa chaka chomaliza chokha, kaya ku sekondale kapena ku koleji. Mawu otchulira khalidwe lonseli ndi seniority, amene tingati ukulu kapena kuyamba kufika.

Zimene Chisilamu chimatiphunzitsa pa ukulu

Chiarabu nachonso chili ndi mawu oyenda njira yomweyi. Shaykh, amene ife timati Shehe, poyamba ankatanthauza munthu wachikulire. Lero mnyamata amene waphunzira bwino za chipembedzo timamutchula Shehe, ndipo agogo ake amaswali kumbuyo kwake popanda vuto.

Zimenezi zili ndi maziko. M'hadisi yopezeka m'buku la Sahih Muslim, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika ndondomeko ya woyenera kutsogolera swala. Woyamba kuganiziridwa ndi wodziwa bwino kuwerenga Qur'an. Akafanana pamenepo, amayang'ana wodziwa Sunnah. Akafanananso, amayang'ana amene anayamba kusamuka pa Hijra, ndipo zaka zobadwa zimabwera pambuyo pa zonsezi. Matanthauzo atatu aja a senior onse alimo, koma maphunziro ndiwo aikidwa patsogolo.

M'chaka cha 632, atatsala pang'ono kumwalira, Mtumiki anasankha Usama bin Zaid, mnyamata wa zaka pafupifupi 20, kuti atsogolere gulu la nkhondo momwe munali maswahaba akuluakulu, kuphatikizapo Umar bin Khattab. Ena anang'ung'udza chifukwa cha msinkhu wake, koma Mtumiki sanasinthe. Abu Bakr atakhala Khalifa anatumiza gululo pansi pa Usama yemweyo. Olemba mbiri amafotokoza kuti anamuperekeza akuyenda pansi, Usama ali pa chokwera, ndipo anachita kumupempha chilolezo kuti Umar atsale ku Madina kudzamuthandiza. Mtsogoleri wa Asilamu onse sanaone kuti ukulu wake wachepa polemekeza udindo wa mnyamata.

Chisilamu sichichotsa ulemu wa akulu. Mtumiki anaphunzitsa zinthu ziwiri zoyendera limodzi: wamng'ono alemekeze wamkulu, wamkulu achitire chifundo wamng'ono, ndipo anachenjeza mwamphamvu wosiya chimodzi mwa ziwirizi. Wofuna ulemu koma wopanda chifundo watenga theka la chiphunzitso. Tikumbukirenso kuti akbar m'Chiarabu ndi mawu oyerekeza, monga momwe alili senior. Tikamanena Allahu Akbar pa swala iliyonse, tikuvomereza kuti pamwamba pa wamkulu aliyense pali Wamkulu woposa, amene adzafunsa aliyense za anthu amene anali pansi pake.

Chimene chili pachiswe

M'sukulu zambiri za sekondale m'dziko muno muli mchitidwe wakale wozunza ophunzira atsopano, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti teasing. Wa Fomu 1 amalandidwa chakudya, amatumidwa ngati kapolo, amapatsidwa mayina onyoza, ndipo nthawi zina amamenyedwa. Malamulo a sukulu amaletsa zimenezi, ndipo wopezeka akuchita akhoza kuimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu ngakhale mayeso atayandikira. Koma amene amapwetekedwa kwambiri ndi mwana wozunzidwayo. Ganizirani mwana wochokera m'mudzi wa kutali ndi Nathenje, amene makolo ake agulitsa soya kapena mtedza wa chaka chonse kuti alipire fizi. Akayamba kuopa sukulu amayamba kujomba, ndipo kujomba kukapitirira amasiyiratu. Kwa mtsikana, kusiya sukulu kawirikawiri kumathera ku banja la msanga. Wozunzayo amadzikhululukira ponena kuti nayenso anazunzidwa, ndipo unyolo umapitirira chaka ndi chaka, onse akubisala kumbuyo kwa mawu amene satanthauza zimenezo n'komwe.

Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ntchito ya siniya ndi imeneyo. Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, mwayamba kufika, ndiye mukudziwa kumene kuli laibulale, kalembedwe ka manotsi ndi mitu ya masamu imene imagwetsa anthu pa JCE. Onetsani ang'ono anu zimenezi. Mukaona mnzanu wa kalasi imodzi akuvutitsa wa Fomu 1, muletseni inuyo, chifukwa mawu anu amawamva msanga kuposa a mwana wozunzidwayo. Inu a Fomu 1 ndi Fomu 2, perekani salamu ndi ulemu kwa akulu anu, koma dziwani kuti kukanena kwa aphunzitsi mukazunzidwa si miseche. Ndi ufulu wanu, ndipo mumateteza nako amene adzabwere pambuyo panu.

Makolo, mwana akabwera kunyumba musangomufunsa za malikisi. Mufunseninso kuti akukhala bwanji ndi anzake a makalasi a patsogolo, ndipo ngati wanu ndi wa Fomu 3 kapena 4, mufunseni kuti wathandiza ndani teremu ino. Mukaona mwana wayamba kudwaladwala m'mawa wa masiku a sukulu, kapena ndalama ndi zinthu zake zikungosowa, bwerani tidzakambirane msanga. A komiti ya mzikiti ndi mashehe athu, tikupempha kuti nkhani ya ulemu ndi chifundo muziikumbutsa pa khutuba ya Lachisanu ndi ku madrasa, kuti chimene mwana akumva m'kalasi azichimvanso ku mzikiti.

Allah awapatse ana athu maphunziro opindulitsa, ndipo awakuze ndi mtima wosamala ang'ono awo. Ameen.